Tiyi akubiriwira kutsidya kwa msewu, chimanga chikufiira kuno

Mapesi awiri m'ndowa

Unali mwezi wa Januwale, mvula itagwa usiku wonse. Mayi wina wa ku Thyolo, yemwe munda wake uli pamtsetse moyang'anana ndi tiyi wa esiteti, anaimitsa mlangizi akudutsa pa njinga.

"Alangizi, tatsikani mudzaone nokha. Wokulitsa ndinathira, wobereketsa ndathira sabata yatha. Kodi feteleza wa chaka chino ndi wabodza?"

Chimanga chinali cholekeza m'mawondo pomwe chikanayenera kufika m'chiuno. Mapesi owonda, masamba a m'munsi ofiirira m'mphepete ngati apakidwa utoto, ena ali ndi mizere yachikasu. Kutsidya kwa msewu tiyi anali biriwiri, wobiriwira mpaka kuseri kwa phiri, pa dothi lofiira lomweli.

Mlangizi sanayankhe za feteleza. Anapempha khasu ndi ndowa ya madzi. Anakumba phesi limodzi pakati pa munda osadula mizu, nalitsuka. Kenako anapita kumapeto, kufupi ndi khitchini komwe amatayako phulusa ndi zinyenyeswazi, nakumbanso lina. Anawagoneka pamodzi pa mzere.

La kudzala linali ndi mizu yoyera, yaitali, yodzaza timizu tating'ono ngati ndevu. La pakati pa munda linali ndi mizu yaifupi, yonenepa ngati zala za mwana, nsonga zake zoderako, ina itakhotera cham'mbali pamalo amodzimodzi ngati yagunda mwala.

"Amayi, feteleza ndi yemweyo, mbewu ndi yomweyo. Koma chimanga ichi chilibe pakamwa podyera."

Mawu amenewo ndi omwe anditengetsa cholembera, chifukwa m'midzi yambiri ya ku Thyolo ndi ku Mulanje timaimba mlandu thumba la feteleza pomwe vuto lili pansi pa mzere.

Chifukwa chake tiyi akusangalala

Dothi lofiira la kuno, katondo, ndi lakale kwambiri. Lakhala likutsukidwa ndi mvula kwa zaka zosawerengeka, ndipo mvula ya kuno si yamasewera: m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mbali yoyang'ana kumwera, imaposa mamilimita 1,600 pa chaka, osaiwala chiperoni cha mu Juni ndi Julaye. Madzi akamalowa pansi amatenga kashiyamu, magineziyamu ndi potaziyamu. Chotsala ndi chitsulo, chomwe chimapatsa dothi kufiira kuja, ndi aluminiyamu. Miyala ya bauxite yomwe ili pamwamba pa phiri ku Lichenya ndi mapeto a ntchito yomweyi: mvula inatsuka zonse, aluminiyamu n'kutsala yekha.

Dothi lotere limakhala ndi asidi wambiri. Muyezo wake ndi pH. Nambala 7 ndi pakatikati, kutsika m'munsi ndiye kuchuluka kwa asidi, ndipo kutsika ndi nambala imodzi yokha ndiye kuti asidi wachuluka kakhumi. Tiyi amakonda pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5. Chimanga chimafuna kuyambira 5.5 kukwera m'mwamba, nyemba ndi kabichi zimasangalala pafupi ndi 6 kapena kuposerapo. Ndiye msewu uja ukulekanitsa mbewu ziwiri zofuna zinthu zosiyana. Kubiriwira kwa tiyi si umboni wa chonde. Komanso kumbukirani kuti pansi pa tiyi sipapita khasu chaka ndi chaka, masamba othenedwa amawolerana pomwepo, ndipo dontho la mvula silimenya dothi.

pH ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu amasungunuka n'kuyamba kupsereza nsonga za mizu. Ndi zala za mwana zija. Muzu ukalephera kutsika, chimanga chimafota pakangopita masiku ochepa opanda mvula, ngakhale pansi pali chinyezi. Chachiwiri, chitsulo ndi aluminiyamu zimagwira fosifolasi wa mu feteleza wokulitsa n'kumumanga, mbewu osamupeza. Kufiirira kwa masamba a chimanga chaching'ono nthawi zambiri ndi njala ya fosifolasi. Mizere yachikasu pakati pa mitsempha ya masamba a m'munsi ndi njala ya magineziyamu. Chikasu choyambira kunsonga n'kutsata msana wa tsamba ndi nayitrogeni. M'mphepete mwa tsamba mukauma ngati mwawaulidwa, ndi potaziyamu.

Ndipo feteleza yemwe timadalira amawonjezera asidi pang'onopang'ono. Thumba limodzi la urea limasiya asidi wofuna laimu, mwala wogayidwa wochepetsa asidi m'dothi, wotsala pang'ono kukwana thumba kuti amufafanize. Sulphate of ammonia ndiye woposa: thumba lake limafuna laimu woposa thumba, chonsecho nayitrogeni wake sakwana theka la wa urea. Feteleza wa CAN ndi wofatsako pa nkhani imeneyi. Munda womwe walandira urea zaka 15 zotsatizana, mapesi akuwotchedwa chaka chilichonse, sungakhale monga unalili nthawi ya anganga.

Dothi si limodzi

Osathamangira kukagula laimu. M'boma limodzi, ngakhale m'munda umodzi, mumakhala madothi osiyana.

Katondo wa pamtunda ndi wozama, ndipo ngakhale ali ndi dongo lambiri, amaphwanyika timibulu tating'ono, madzi amalowa bwino. Vuto lake ndi asidi ndi njala ya fosifolasi. Pamtsetse pomwe dothi lapamwamba linapita kale, khasu limatulutsa dothi lofiira kwambiri kapena lachikasu lokhala ndi timiyala. Limenelo ndi dothi lapansi, ndipo ndi lomwe limakhala ndi aluminiyamu wambiri.

Mukatsikira kuchigwa, mbali ya ku Thuchila kulowera ku Phalombe, mumapeza makande: akuda, omata kumapazi m'dzinja, ong'aluka ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe. Amenewa kawirikawiri alibe vuto la asidi, kuwathira laimu n'kutaya ndalama. Vuto lawo ndi madzi. Akakhuta satulutsa, chimanga chimachita chikasu chifukwa mizu ikusowa mpweya. Amafuna mizere italiitali ndi ngalande yotulutsa madzi, ndipo osawalima ali chinyowere chifukwa akauma amasanduka njerwa. Mpunga, mapira ndi tchana wobzala mvula ikamatha zimachita bwino pamenepa.

M'mbali mwa mitsinje ngati Ruo, Likhubula ndi Nswadzi muli dothi lobwera ndi madzi, pena lachonde, pena mchenga wokhawokha. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tapani dothi lodzaza dzanja, linyowetseni pang'ono, mulifinye. Likamwazika mukatambasula dzanja, ndi mchenga. Likaumbika kampira koma n'kuthyoka mukalipota ngati chingwe, ndi losakanikirana, lomwe aliyense amalifuna. Likapoteka mpaka kupinda ngati chibangiri osathyoka, ndi dongo lenileni.

Kumbani dzenje musanagule kanthu

Dzenje lofika m'bondo, pafupifupi masentimita 60, likumbidwe modula mzere ndi khwawa lake. Mbali imodzi muisalaze ndi khasu. Onani pomwe dothi loderako lapamwamba likulekezera. Likakhala losakwana masentimita 10, munda ukupita ndi madzi.

Kenako tengani mpeni muzibaya khoma la dzenjelo kuyambira pamwamba kutsika. Minda yambiri muona kuti pa masentimita 15 mpaka 25 mpeni ukukana. Apo ndi pomwe khasu limalekezera chaka ndi chaka. Timagumula mzere wakale n'kuunda watsopano pa khwawa lomwe tinkapondamo dzinja lonse, pansi pake osakhudzapo, ndiye pamauma gwa ngati pabwalo. Mizu yokhotera cham'mbali ija imakhala itagunda pamenepo. Mankhwala ake si feteleza kapena laimu. Ndi kuswa: kugalauza mozama kamodzi ndi piki kapena khasu lalitali motsata mzere, kapena kusiya nandolo agwire ntchitoyo, chifukwa muzu wake umaboola pomwe wa chimanga umagonja.

Pomaliza thirani ndowa ziwiri za madzi m'dzenjemo. Akatha m'maola ochepa, zili bwino. Mukawapeza mawa lake, malo amenewo ndi a madzi, musabzalepo mapeyala kapena chinangwa, mizu idzawola.

Za asidi maso sangakuuzeni nambala. Dothi liyenera kupimidwa, ndipo anthu a kuno tili ndi mwayi poti malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe ali m'boma la Thyolo lomweli. Mlangizi wa m'dera lanu angakuuzeni katumizidwe kake. Chomwe chimalakwika ndi katapidwe. Munthu amangotapa pamalo amodzi pafupi ndi njira, zotsatira n'kubwera zonena za panjirapo osati za munda. Yendani mokhotakhota munda wonse, mutape malo 10 mpaka 15, kuyambira pamwamba kufika masentimita 20. Lambalalani chulu, potayira phulusa, pomwe panali khola ndi pomwe munawotchera mapesi. Sakanizani m'ndowa yapulasitiki yoyera, osati thumba lomwe munali feteleza, mutengepo theka la kilogalamu, muumitse pamthunzi. Kumtunda ndi kudimba zikhale m'mapepala osiyana. Nthawi yabwino ndi mukangokolola, kuti yankho lifike laimu asanachedwe.

Laimu: wotani, wochuluka bwanji, liti

Wofunika ndi laimu wa m'munda, mwala wogayidwa. Wopaka nyumba uja ndi waukali, amapsereza manja ndi mbande. Pa laimu wa m'munda, ngati mungapeze wotchedwa dolomitic, tengani ameneyo, chifukwa ali ndi magineziyamu yemwe katondo wa kuno amasowa. Mupereseni pakati pa zala: akhale ngati ufa. Wamibulu ngati mchenga amatha zaka asanasungunuke.

Mlingo weniweni umachokera ku zotsatira za kupima, koma pa katondo wa pH ya pafupi ndi 5 kawirikawiri umakhala tani imodzi kapena awiri pa hekitala. Tani imodzi pa hekitala ndi matumba 8 a makilogalamu 50 pa ekala, kapena magalamu 100 pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Bedi la masamba la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali limafuna kilogalamu imodzi kapena awiri. Dothi lamchenga limafuna wocheperapo, ladongo wochulukirapo.

Matumba 8 ndi ndalama, ndikudziwa. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuti munthu ayambe ndi kachigawo. Sankhani mizere 10 yotalika mamita 10. Pa mizere yotalikirana masentimita 75, malo amenewo amafuna makilogalamu 7.5 pa mlingo wotsika, 15 pa wokwera. Thumba limodzi likukwanirani n'kutsalako la kudimba. Ngati simungathe kumwaza munda wonse, thirani m'khwawa lomwe mudzaundepo mzere, kuti laimu akhale pomwe mizu idzadutse.

Nthawi yake ndi pokonza munda, mwezi umodzi kufika itatu musanabzale, cha mu Ogasiti mpaka Okutobala. Laimu sayenda m'dothi ngati urea. Mukamumwaza pamwamba n'kumusiya, amakonza kachikopa kapamwamba kokha. Asakanizidwe ndi khasu mpaka masentimita 15 kapena 20, ndipo amayamba ntchito dothi likanyowa. Chaka choyamba kusintha kumaoneka pang'ono, chachiwiri ndiye kwambiri, ndipo mphamvu yake imatha zaka zitatu kapena zinayi. Si wothira chaka ndi chaka.

Zolakwika zitatu zimabwerezedwa. Kusakaniza laimu ndi urea, sulphate of ammonia kapena zitosi za nkhuku zosawolerana: nayitrogeni amathawa ngati mpweya, mumachita kumva fungo lake loboola m'mphuno. Kuthira wambiri poganiza kuti zifulumira: pH ikakwera kwambiri zinki amamangika, chimanga n'kutuluka masamba a mizere yoyera. Ndi kuganiza kuti laimu walowa m'malo mwa feteleza. Iye amangotsegula pakamwa, chakudya muperekebe. Ndipo amene muli ndi tiyi wanu wa alimi ang'onoang'ono kapena zinanazi, laimu asayandikireko.

Phulusa la nkhuni ndi laimu wa osauka, ndipo limabwera ndi potaziyamu. Mphamvu yake ndi yocheperapo, ndipo likanyowa ndi mvula padzala potaziyamu amapita. Lisungeni m'thumba pouma. Pa bedi, manja awiri odzaza pa mita iliyonse, kusakaniza ndi dothi sabata ziwiri musanawokere. La m'khitchini imodzi silingakwane ekala, koma dimba lingakwane. La mapepala apulasitiki ndi mabatire ayi.

Zowolerana ndi zomwe zimagwira zonse

Katondo payekha sagwira chakudya cha mbewu. Dongo lake ndi la mtundu wosasunga mchere, ndiye chomwe chimasunga ndi zowolerana za pamwamba. Zimenezi zimamanganso aluminiyamu kuti asapsereze mizu, n'kutchinga fosifolasi kuti asagwidwe msanga. Chimanga cha kudzala chija sichinakule ndi phulusa lokha.

Ziweto kuno n'zochepa, malo ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, gawo lalikulu la malo abwino lili pansi pa tiyi, ndiye kugoneka munda n'kulota. Chotsala ndi kusawotcha. Mapesi, masangwi a mtedza ndi masamba a nandolo zikwiriridwe m'khwawa zikadali ndi kachinyezi, cha mu Meyi kapena Juni, chiperoni chithandize kuwoletsa. Mukakwirira mapesi ouma okhaokha mu Novembala, tizilombo towoletsa timalanda nayitrogeni, chimanga n'kuyamba ndi chikasu. Ambiri atawona zimenezi anabwerera kumachesi, osadziwa kuti cholakwika inali nthawi.

Kompositi wakupsa ndi wakuda, wozizira, wonunkhira dothi la m'nkhalango. Ngati ndi wochepa musamwaze: manja awiri odzaza pa phando lililonse. Kudimba, ndowa ya malita 20 pa mamita awiri a bedi.

Nandolo ndi kalongonda, zomwe makolo a kuno sanazisiye, ndi feteleza womera yekha. Kalongonda amakuta dothi, amapondereza udzu, amasiya masamba ambiri. Mubzaleni chimanga chitakula kale, apo ayi amachikwera n'kuchigwetsa. Pomwe kaufiti wachuluka, dziwani kuti nthaka yaguga. Muzuleni asanachite maluwa, ndipo chigawo chimenecho mupatse mbewu za gulu la nyemba chaka chotsatira.

Feteleza wa m'sitolo pa katondo asamwazidwe. Wokulitsa alowe m'kabowo masentimita 5 mpaka 10 kuchoka pa phando n'kukwiriridwa, pobzala kapena chimanga chikangomera. Akakhala pamalo amodzi, dothi lomugwira limachepa. Wobereketsa, poti mvula ya kuno imatsuka, ndi bwino kumugawa pawiri: theka patatha sabata zitatu chimanga chitamera, theka lina patatha sabata zina ziwiri kapena zitatu. Ndi ntchito yowirikiza, koma urea wothira kamodzi mvula yamasiku atatu n'kutsatira amakathera mumtsinje.

Mtsetse

Zonsezi n'zachabe ngati dothi lenilenilo likutsika ndi madzi. Mizere yoloza kumunsi ndi ngalande. Akalozera, mizere yotsogolera yopingasa mtsetse, ayezedwe ndi levulo, osati ndi maso, ndipo mizere yonse itsate iwowo. Vetiva abzalidwe mothithikana, zitsa zotalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mukasiya mipata madzi amasonkhana pampatapo n'kuyambitsa chigwembe.

Pali chimodzi chomwe ndimatsutsana nacho anzanga ena. Ngonyeka, timizere totseka makwawa kuti madzi asayende, ndi wabwino kumalo ouma, koma pamtsetse wozyolika wa mvula ngati ya ku Mulanje, kutsekera madzi onse m'mizere n'koopsa. Mzere umodzi ukaphulika kumtunda umagumula yonse ya kumunsi. Madzi osefukira akhale ndi njira yawo yobzalidwa udzu. Tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, chomwe dothi lokhuta madzi limachita pamtsetse wopanda mitengo.

Minda yomwe inakutidwa ndi mchenga nthawi imeneyo ikadalipo. Mchenga ukakhala wosaposa chikhatho, ugalauzeni usakanikirane ndi dothi lakale. Ukakhala wozama, kumbani mapando mpaka kupeza dothi lakale, mudzazemo manyowa osakaniza ndi dothi, ndipo muyambe ndi mbatata kapena nseula, chimanga chidikire.

Kubzala chomwe dothi likuvomera

Si chigawo chilichonse chofunika kulimbana nacho. Kumtunda kokokoloka, komwe laimu ndi manyowa sizingakwane chaka chino, chinangwa, mbatata, nandolo ndi zinanazi zimapirira asidi. Zinanazi za ku Mulanje sizinatchuke mwangozi. Nyemba, soya, kabichi ndi anyezi ndi zomwe zimayamba kudandaula, ndiye laimu wochepa yemwe muli naye apite kwa izo. Nthochi zimadya potaziyamu kwambiri, phulusa ndi zinyalala za kukhitchini ndi zawo, koma phata logwidwa chisaka silichira ndi manyowa, lizulidwe lonse.

A tomato a ku Bvumbwe amadziwa kuwola kwakuda kwa kunsi kwa chipatso. Si matenda ofuna kupopera. Ndi kashiyamu yemwe sakufika kuchipatso, chifukwa cha dothi la asidi kapena kuthirira kodumphadumpha, lero madzi ambiri, masiku atatu osathirira. Laimu pokonza bedi, udzu wophimbira, ndi madzi ofanana tsiku lililonse.

Mayi uja anagawa kachigawo ka pakati pa munda panayi, mizere 10 iliyonse: koyamba feteleza yekha monga kale, kachiwiri laimu ndi feteleza, kachitatu kompositi ndi feteleza, kachinayi zonse zitatu. Mbewu imodzi, tsiku lobzala limodzi, zikhomo m'malire. Aliyense woyesa chonchi asadikire nkhokwe kuti adziwe. Chimanga chikafika sabata zisanu, kumbani phesi limodzi pa chigawo chilichonse, mutsuke mizu m'ndowa, muigoneke pamzere n'kuyeza kutalika kwake ndi chikhatho. Pokolola, chimanga cha chigawo chilichonse chilowe m'thumba lakelake, ndipo mizere iwiri ya m'malire musaiwerengere, chifukwa mizu yake imaba chakudya cha chigawo choyandikana nacho.